Madzi a Rukuru ndi Zinyama za ku Vwaza

Awa ndi mau amene mlangizi wa za nkhalango analankhula kwa mafumu ndi aphunzitsi a ku Euthini.

Iye anati m'Malawi mulibe chipululu chonga Kalahari, komabe pofika mwezi wa Okutobala dziko la Mzimba limauma kolimba. Pamenepo njobvu, njati ndi mvuu za ku Vwaza, malo amene Boma linapatulira zinyama mu 1977, zimadalira kanyanja ka Kazuni. Madzi a Kazuni achokera mu mtsinje wa South Rukuru, womwewo umene anthu a m'boma lino amwetsamo ng'ombe zao.

Pofuna kulongosola kumene madzi a m'chilimwe achokera, anatchula akasupe otentha a ku Chiweta, m'boma la Rumphi. Madzi amenewo ndi mvula imene inalowa pansi patali, nitenthedwa ndi miyala, nikweranso m'ming'alu. Koma mvula ikagwa pa nthaka yopanda mitengo ndi udzu, imangothamanga osalowa pansi.

Chifukwa chake anapempha mafumu kuti aletse anthu ao kudula mitengo m'mbali mwa mtsinje ndi kutentha tchire mwachisawawa. Rukuru akaphwa msanga, zitsime zidzauma, ndipo njobvu zaludzu zidzalondola madzi kumadimba a anthu.