Chotsekera Botolo: Mawu kwa Magulu Opanga Vinyo wa Zipatso



Ndaima pano kuti ndikambe za kanthu kosaposa chala chachikulu kutalika, ndiko chotsekera pakamwa pa botolo. Magulu angapo m'wodi muno ayamba kupanga vinyo wa chidede, malambe ndi nthochi, ndipo dandaulo lawo n'lofanana: vinyo amachoka pakhomo ali wokoma, koma pofika kwa wogula amakhala atasasa ngati viniga. Kawirikawiri gwero lake ndi zotsekera zotoledwa m'malo omwera, zomwe zinatsegulidwapo kale ndipo zimalowetsa mpweya.

Opanga vinyo akunja nawonso anavutikapo. Kwa zaka mazana ambiri iwo ankatseka mabotolo ndi khungwa la mtengo wotchedwa cork oak, umene umamera kwambiri ku Portugal, dziko lotulutsa pafupifupi theka la khungwa lotere pa dziko lonse. Mtengowu umasendedwa koyamba ukafika zaka pafupifupi 25, kenaka pakatha zaka 9 zilizonse. Tsono khungwa lina limakhala ndi kachilema kotchedwa TCA, kamene kamapatsa vinyo fungo la chuku, longa la katoni yonyowa. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 zotsekera zapulasitiki zinayamba kufala, ndipo pambuyo pake ku Australia ndi ku New Zealand ambiri anasankha zachitsulo zopotokola.

Chapulasitiki chili ndi ubwino wotikomera ife. Sichifumbutuka pochizula, sichibweretsa fungo lija, ndipo botolo likhoza kusungidwa choimirira, pamene lotsekedwa ndi khungwa limafunika kugonekedwa kuti khungwalo lisaume. Chofooka chake n'chakuti mitundu yotsika mtengo imalowetsa mpweya pang'onopang'ono, choncho siyenera vinyo wosunga zaka zambiri. Kwa ine ili si vuto lalikulu, pakuti sindinaonepo gulu m'boma muno losunga vinyo zaka zisanu. Ngongole ya banki mkhonde siidikira choncho.

Komabe musathamangire kugula. Yambani mwaona mabotolo amene muli nawo. Chotsekera cholowetsa m'kati chimafuna botolo la khosi loyenerana nacho komanso kachipangizo kokanikizira. Mukachikhomerera ndi mtengo chimapindika ndipo vinyo amadontha. Botolo la mizere yozungulira pakamwa limafuna chopotokola chatsopano. Magulu oyandikana akhoza kusonkherana n'kugula kachipangizo kamodzi.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: musatseke vinyo akadali kuwira. Mpweya wochokera m'kuwirako umakankha chotsekera, mwinanso kuphulitsa botolo, makamaka m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndipo magalasi akewo akhoza kuvulaza mwana m'nyumba.

Amene mukulinga kugulitsa m'masitolo akuluakulu mudzafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo katsekedwe ka katundu wanu muyenera kukakonzeratu. Alembi a magulu atsalire tikamaliza, aliyense ndi botolo limodzi lopanda kanthu, tiyeze makosi ake tisanaitanitse zotsekera.