Ana Anga, Musabisirane Misozi

 Ana anga, mawu anga ndi amodzi: banja limalimba mwamuna ndi mkazi akamauzana mantha awo, ngongole zawo ndi zowawa za mumtima. Kuuza mnzako kuti “zandikulira” kumafuna mtima wolimba kuposa kukhala duu.

Kuno ku Kasungu moyo wathu wagona pa fodya. Mudzafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, mudzawokera mvula ikagwa, mudzathyola, kusoka, kuyanika m'chigafa mpaka kudinda mabelo. Koma pa msika wa Chinkhoma woika mtengo ndi wogula. Belo likhoza kubwezedwa, ndipo kampani imene inakukongozani feteleza imayamba yadula zake. Mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, zipangizo zaulimi n'kukwera mtengo, ndipo chaka chotsatira ng'amba inapsereza minda m'maboma ambiri. Zoterezi sizibwera chifukwa cha ulesi wa munthu. Inu bambo, tsiku limene mudzabwere kumsika ndi ndalama yosakwana, musakakhotere kumowa pothawa maso a mkazi wanu. Khalani naye pansi, muonetseni mapepala a malonda, muwerengere limodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Ena adzakuuzani kuti mwamuna salira. Mawu amenewa atitayitsa anthu. Chaka ndi chaka apolisi amalengeza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno ochuluka ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja sizisowa pa zifukwa zake. Ambiri mwa iwo anali olimbikira ntchito, koma anaphunzitsidwa kumeza zonse okha. Wolankhula amapeza womuthandiza nthawi ikadalipo: munda wina mukhoza kudzalamo soya kapena mtedza, wokongozayo mukhoza kukambirana naye. Wobisa amadzaululika ndi anthu odzalanda katundu pakhomo.

Enanso adzati ukaulula kufooka kwako, mnzako adzakupeputsa kapena kukalengeza kuchitsime. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo mankhwala ake ali m'manja mwanu nonse awiri. Inu mayi, zimene amuna anu akuuzani kuchipinda zisamveke kumjigo, zisasandukenso chida pa tsiku la mkangano. Inu bambo chimodzimodzi. Woululiridwa akasunga chinsinsi, mawa mnzake amabweranso ndi mtima wonse. Nkhani ikakukanikani, pitani kwa ankhoswe anuwa, poti ntchito yawo siithera pa phwando la ukwati lino.

Mwana wanga wamkazi, alangizi akuuzani za kupirira, ndipo ndi zoona, banja limafuna kupirira. Koma timapirira njala ndi matenda tili awiri. Kutukwanidwa ndi kumenyedwa sitipirira. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Mukatopa ndi kumunda ndi kukhitchini, nenani. Mukakhumudwa, nenani tsiku lomwelo, ndipo inu bambo mumvetsere osakalipa.

Choncho ana anga, wolakwa apepese msanga, wolira asasekedwe, wodandaula amvedwe mpaka amalize. Yambani lero lomwe, mavuto asanafike. Mulungu adalitse banja lanu.