MADZI OZIZIRA PA NCHITO

Mwezi wa Okutobala ukafika m'dziko la Zambia, cisanu cimakhala citaiwalika, mvula isanagwe, ndipo dzuwa limaswa mtengo. M'mizinda ya ku migodi monga Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Luanshya kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 30 pa muyeso wa Celsius, ndipo ku cigwa ca Luangwa kumafika 40. Munthu wocoka pakhomo m'bandakuca ndi botolo la madzi ozizira amapeza kuti pofika masana madzi aja afunda ngati osambitsira khanda. Nkhani ya lero iri pa funso limeneli: kodi wanchito angasunge bwanji madzi ake ozizira kuyambira m'mawa kufikira poweruka?

Ena angayese kuti imeneyi ndi nkhani ya kukoma kwa pakamwa cabe, koma si tero ai. Munthu wogwira nchito yolemetsa pamalo otentha angataye lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi, kapena kuposapo. Madzi amenewo ayenera kubwezedwa m'thupi. Tsono madzi ofunda satsika bwino kukhosi. Munthu amangolawa pang'ono, nabweza botolo m'thumba. Pambuyo pake mutu umayamba kuwawa, minofu imakokana, cizungulire cimabwera, ndipo mkodzo umacepa ndi kuderako. Zikapitirira, thupi limalephera kudziziziritsa, munthu amasokonezeka nzeru, nakomoka, ndipo akacedwa naye ku cipatala angafe. Cifukwa cake akatswiri a umoyo wa anchito amalangiza kuti wogwira nchito pa kutentha azimwa kapu imodzi mphindi 15 kapena 20 ziri zonse, osayembekeza ludzu, ndi kuti madziwo akhale ozizira bwino, pakati pa madigiri 10 ndi 15. Madzi ozizira ndiwo amene munthu amamwa okwanira.

Pali lamulo limodzi la cilengedwe limene liyenera kumveka poyamba. Kutentha kumayenda kucokera ku cinthu cotentha kupita ku cinthu cozizira, monga momwe madzi amatsikira kukhwawa. Botolo la madzi ozizira likakhala mu mpweya wotentha, kutentha kumalowamo kufikira madzi ndi mpweya zitalingana. Njira zolimbana ndi zimenezi ziri ziwiri zokha. Yoyamba ndiyo kuturutsa kutentha kumene kwalowa. Yaciwiri ndiyo kukutsekera kunja kuti kusalowe. Cotengera madzi ciri conse cimatsata imodzi mwa njira ziwirizi, ndipo iri yonse iri ndi malo ake pomwe imathandiza ndi pomwe imalephera.

Njira yoyamba makolo anaidziwa kalekale. Mtsuko wa dothi wosapakidwa kanthu uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amacuca pang'onopang'ono m'timabowomo, nanyowetsa kunja kwa mtsuko, ndipo mphepo ikaomba amauma n'kusanduka nthunzi. Madzi sangasanduke nthunzi popanda kutenga kutentha kwinakwake, motero amakutenga ku mtsuko ndi ku madzi otsala m'kati. Ndi momwemonso thukuta limaziziritsira khungu. Mphamvu ya kuumaku ndi yaikulu ndithu: madzi odzaza supuni yaing'ono ya tiyi, magalamu 5, akauma angatsitse kutentha kwa lita yathunthu ndi madigiri pafupifupi 3, ngati kutentha konse kwatengedwa m'madzimo.

Mtsuko suyenda ulendo, koma nzeru yake imayenda. Oyendetsa malole ndi anthu a m'misasa ya m'chire kale ankanyamula madzi m'thumba la nsalu yokhakhala yonga ya tenti, nalipacika kutsogolo kwa galimoto kuti mphepo iziliomba. Thumbalo linkacuca ngati mtsuko, ndipo madzi ankakhala ozizira tsiku lonse. Lero munthu angacite cimodzimodzi ndi botolo wamba. Alisokere m'kansalu ka ciguduli kapena alilowetse m'sokosi yakale, anyowetse nsaluyo, ndi kulipacika pamthunzi pomwe mphepo ipita, monga panthambi ya mtengo kapena pa njinga. Nsalu ikauma ainyowetsenso. M'cilimwe, pamene mpweya uli wouma, madzi otere angazizire kuposa mpweya ndi madigiri angapo, nthawi zina kufikira pafupi 10. Womanga nyumba, wogulitsa pamsika, wokonza mseu ndi wogwira nchito pabwalo la mgodi angathandizidwe nayo njirayi popanda kutaya ndalama.

Koma njira imeneyi imadalira mpweya wouma. Mpweya uli ngati nsanza: ikakhala youma imamwa madzi, ikakhala yonyowa kale simwanso. Cifukwa cake zobvala zocapa sizicedwa kuuma mu Okutobala, koma mu Januwale zimatha tsiku lonse pacingwe. Pansi pa mgodi mpweya umakhala wa cinyontho cambiri. Madzi amadontha m'matanthwe, ndipo ena amathiridwa dala pobowola mwala kuti fumbi lisauluke. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe uli m'gulu la migodi yonyowa koposa pa dziko lonse lapansi. Kuonjezera apo, mwala umanka nutentha pamene munthu alikutsika. Ku mgodi wa golide wa Mponeng ku South Africa, umene uli wakuya pafupifupi makilomita 4, mwala umafika madigiri 60, kotero kuti eni mgodi amatsitsira madzi oundana pansi kuti anthu athe kugwira nchito. Migodi ya ku Copperbelt siifika kuya kotero, komabe ina, monga ya ku Mufulira ndi Nkana, imapitirira mamita 1,000. Kumalo otero nsalu yonyowa pabotolo siiuma msanga, ndipo madzi sazizira kwenikweni. Thukutanso siliuma bwino pakhungu, motero munthu wa pansi ndiye ali pangozi yaikulu, ndiyenso amene njira ya mtsuko imamuthandiza pang'ono koposa.

Iyeyu afunika njira yaciwiri, yotsekera kutentha kunja, ndipo cida cake ndi fulasiki. Amene anayamba kuipanga ndi Sir James Dewar, katswiri wa sayansi wa ku Scotland, m'caka ca 1892 mu mzinda wa London. Iye sanali kuganiza za tiyi ai. Nchito yake inali kuziziritsa mipweya kufikira itasanduka yamadzimadzi, ndipo ankafuna cosungiramo kuti isafunde. Mmisiri wa galasi wa ku Germany, Reinhold Burger, ndiye anaona kuti cida cimeneci cingathandize m'nyumba ndi paulendo, ndipo kuyambira 1904 cinayamba kugulitsidwa ndi dzina lakuti Thermos. M'caka ca 1913 William Stanley wa ku America anapanga fulasiki yacitsulo yokhayokha, yosasweka ngati ya galasi. Mbiri imeneyi ikumbutsa cinthu cimene ambiri saacidziwa: fulasiki inayamba ndi nchito yosunga zozizira, ndipo imasunga madzi ozizira monga momwe imasungira tiyi wotentha.

Kapangidwe kake nkotere. Fulasiki ndi mabotolo awiri, lina m'kati mwa linzake, olumikizana pakhosi pokha. Mpweya wa pakati pa awiriwo umapopedwa wonse, kotero kuti kutentha kumasowa mlatho wooloka nao. Kutentha kwina kumayenda monga kuwala, momwe moto umawambira nkhope ya munthu wokhala patali. Kumeneku kumabwezedwa ndi makoma onyezimira ngati kalirole. Mafulasiki a galasi amapakidwa siliva, ndipo ena acitsulo amapakidwa mkuwa m'kati mwa mpatamo, mkuwa womwewo umene amuna a ku Copperbelt amakumba. Khomo lotsala ndi pakamwa, ndipo cifukwa cake cotsekera ciyenera kukhala colimba.

Fulasiki siiziziritsa madzi. Imangosunga zimene yapatsidwa. Wothiramo madzi ofunda m'mawa adzamwa madzi ofunda masana. Madzi agone usiku mu mtsuko kapena m'firiji, ndipo fulasiki itsukuluzidwe ndi madzi ozizira isanadzazidwe, kuti makoma ake ayambe azizira. Idzazidwe mpaka m'khosi, ndipo isasiyidwe yotsegula. Amene angapeze madzi oundana aikemo zidutswa, pakuti kusungunula kilogalamu imodzi ya madzi oundana kumafuna kutentha kofanana ndi kumene kungakweze kilogalamu ya madzi ndi madigiri 80. Popeza lita imodzi siikwanira shifiti yathunthu, wanzeru amadzaza fulasiki ndi zidutswazo, namaonjezeramo madzi a pampopi wa madzi akumwa pamene alikucepa. Madzi odontha m'matanthwe kapena oyenda m'ngalande za mgodi si akumwa konse.

Pogula, munthu akumbukire kuti safunsa anadya phula. Mabotolo ena onyezimira a pamsika ali ndi khoma limodzi lokha, ndipo citsulo cotere cimapititsa kutentha msanga kuposa pulasitiki. Kuyesa kwake nkosabvuta. Athiremo madzi otentha, atseke, nayembekeze mphindi zingapo. Ngati thupi la botolo latentha kunja, si fulasiki yeniyeni, kapena mpweya unalowa kale mu mpata wake. Kwa munthu wa pansi pa mgodi yacitsulo ndiyo yoyenera, pakuti ya galasi ikagunda pamwala imasweka m'kati.

Wosowa ndalama ya fulasiki asataye mtima. Botolo la pulasitiki loikidwa m'firiji usiku kufikira madzi ataundana lingafike masana likali lozizira. Lisadzazidwe kwambiri, pakuti madzi akaundana amafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 10, ndipo botolo lingang'ambike. M'mawa likulungidwe m'manyuzipepala angapo kapena m'nsalu yokhuthala youma, ndi kuikidwa pakati pa cikwama. Mpweya wokodwa m'mapepalamo umacedwetsa kutentha. Apa mpamene ambiri amasokoneza njira ziwiri zija. Nsalu yonyowa ndi ya botolo lopacikidwa pamphepo youma. Nsalu youma ndi ya botolo lozizira kale lobisidwa m'cikwama. Kunyowetsa nsalu ya botolo loundana ndiko kutsegulira kutentha khomo, popeza nsalu yonyowa imapititsa kutentha kuposa youma.

Mau otsiriza ndi a ukhondo. Kuzizira sikupha tizirombo ta matenda, ndipo madzi oundana opangidwa ndi madzi oipa ali oipa cimodzimodzi. Mliri wa kolera umene unakantha Lusaka kumapeto kwa 2023 ndi kuciyambi kwa 2024, kufikira bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, unasonyeza cimene madzi osasamalidwa angacite mu mzinda. Madzi okayikitsa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala a klorini, pambuyo pake ndipo aziziritsidwe. Botolo litsukidwe ndi sopo madzulo ali onse, makamaka pakamwa ndi cotsekera, ndipo ligone lotsegula kuti liume. Cigubu cimene munali mankhwala a m'munda, mafuta a makina kapena asidi wa batire cisasungire madzi akumwa, ngakhale citatsukidwa kangati. Munkoyo, thobwa ndi maheu zimapitiriza kuwira zikatsekeredwa, ndipo mpweya wake ungathe kuphulitsa cotsekera. Mkakanso sucedwa kusasa. Zimenezi zikhale ndi cotengera cao, ndipo fulasiki ya ku nchito ikhale ya madzi okha.

Tsono wanchito ali yense, asanasankhe cotengera madzi, ayambe waganizira mpweya wa pamalo pomwe agwira nchito. Ngati uli wouma ndi wamphepo, ciguduli conyowa cimkwanira. Ngati uli wa cinyontho, monga pansi pa mgodi kapena m'nyengo ya dzinja, afunika fulasiki kapena botolo loundana lokulungidwa m'nsalu youma. Ndipo mnzake wa pa shifiti akaoneka wosokonezeka, wodzandira kapena wotentha thupi kwambiri, acotsedwe msanga pamalo otenthawo, athiridwe madzi ozizira pathupi, ndipo kapitao ndi a cithandizo coyamba aitanidwe nthawi yomweyo.