Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lokambirana za Ntchito ndi Ophunzira a Fomu 4 ku Mangochi

Bwanamkubwa wa boma lino, a Gogo Chalo ndi mafumu onse, ma Sheikh, ansembe ndi abusa, makhansala, aphunzitsi akulu, makolo, amayi amene mwatiphikira chambo chikununkhira kuseriku, ndi inu ana anga a Fomu 4: ndakulonjerani nonse. Sikomo kwejinji. Amene ndamudumpha asandisungire kumtima, imvi zachuluka.

Mwandipempha kuti ndikambe za utolankhani. Ntchito imeneyi si yachilendo kuno. Wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay inayamba mu 1998, ndipo anaiyambitsa ndi amayi atolankhani mothandizidwa ndi UNESCO. Amayi! Radio Maria nayo likulu lake lili konkuno. Koma tikafunsa kuti mwa ana amene akuphunzira digiri ya utolankhani ku MUBAS, yomwe ife timaitchulabe kuti Poly, angati achokera ku Makanjira kapena ku Katuli, timayang'ana pansi. Ambiri ndi ana am'tauni. Ndiye msodzi akamadandaula m'Chiyao kuti usipa wathawa, amumva ndani?

Za ndalama sindikubisirani. Digiri ndi zaka zinayi. Mu 2023 fizi m'mayunivesite ambiri a boma inakwera kufika pa K650,000 pachaka, ndipo pamenepo simunawerengere lendi ku Blantyre, chakudya, laputopu ndi bandulo ya intaneti. Nzolemera. Koma boma linakhazikitsa bungwe lokongoza ophunzira ndalama, ndipo mafomu ake saluma. Palinso sukulu ya utolankhani ya MIJ kwa amene akufuna kuyambira pa satifiketi kapena dipuloma.

Makolo, ndikudzudzuleni pang'ono. Mnyamata akati akupita ku Joni, ndalama ya pasipoti ndi ya basi imapezeka sabata yomweyo, mbuzi imagulitsidwa usiku. Mtsikana akasankhidwa kuyunivesite, timayamba kukanda mutu, ena nkumati kuli bwino akwatiwe. Mukuseka, koma amene ndikumunena ali pomwepa.

Anyamata mwakhala kumbuyoko, musaganize kuti mtolankhani amalemera. Ine malipiro anga oyamba ankatha mwezi usanafike pakati, nsapato yanga inali ndi chiboo choti pansi pakakhala kobiri ndimadziwa mbali yake. Pamenepo mpamene pamalowera chipondamthengo, kaenvulopu kamene amakupatsa pamsonkhano kuti ulembe zomukoma mwini wake. Ukalandira kamodzi, cholembera chako chimakhala chake. Anzathu ambiri amatopa nkusamukira kumabungwe ndi kumakampani kukakhala owayankhulira, ndipo sindiwaweruza, ana amafuna kudya.

Chomwe muli nacho inu, chimene ife tinalibe, ndi lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mutha kulemba kalata kukhonsolo kufunsa mmene ndalama za mlatho wakwanu zinayendera. A DC, mwamva, ana awa akubwera.

Otsogolera mwambo akundilozera wotchi. Atsikana amene mukufuna kumva zambiri, mundipeze pansi pa mtengo wa mango uwo tikatha kudya.