KUSANKHA MAFUTA A KHUNGU NDI ZODZOLA M'MASO

Tsiku la malipiro likafika ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola kapena ku Luanshya, masitolo ndi misika zimadzaza anthu. Ufa, kapenta ndi makala zikagulidwa, kandalama kotsala kawirikawiri kamathera pa thebulo la mabotolo. Pamenepo pali mafuta odzola a mitundu mitundu, sopo wonunkhira, ndi timapensulo todetsera zikope. Botolo liri lonse liri ndi cithunzi ca nkhope yosalala, ndipo wogulitsa ali yense atama cace. Koma akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wogula mafuta ayenera kuyamba wadziwa cimene khungu lace lisowa, ndi cimene ciri m'botolomo, pakuti mafuta amene athandiza wina angathe kuononga mnzace.

NCHITO YA KHUNGU

Khungu ndilo linga la thupi. Lisunga madzi kuti asacoke m'thupi, ndipo litsekereza dothi ndi tizirombo ta matenda kuti tisalowe. Kuti licite nchito imeneyi, khungu limadzipangira lokha mafuta ace, amene aturukira m'tizibowo tating'ono ta ubweya. Mafutawa akacepa, khungu limatuwa, limayabwa, ndi kung'aluka. Akaculuka, tizibowo timatsekeka ndipo ziphuphu zimabuka. Cotero nchito ya mafuta ogula ndiyo kuthandiza pamene khungu lapereweza, osati kulisandutsa cinthu cina.

Makolo anazidziwa izi. Amai a kumudzi anali kukazinga nsatsi, kuzisinja, ndi kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama pamwamba. Mafutawo anawasunga m'nsupa, nadzoza ana ao pa nyengo ya cisanu. Sanafune kusintha maonekedwe a mwana, anangofuna kuti khungu lace likhale lofewa.

Njira yodziwira mtundu wa khungu siibvuta. Munthu asambe kumaso ndi sopo wofatsa, apukute, ndi kukhala ola limodzi wosadzola kanthu. Ngati nkhope ikokana ndi kutuwa, khungu lace ndi louma. Ngati mphumi ndi mphuno ziyamba kunyezimira, khungu lace ndi la mafuta. Anthu ambiri ali ndi zonse ziwiri, mphumi ya mafuta ndi masaya ouma, ndipo otere adzole mosiyana malo awiriwo.

KHUNGU LOUMA NDI KHUNGU LA MAFUTA

M'miyezi ya Juni ndi Julai, pamene mphepo iri yozizira ndi youma, cosowa ca anthu ambiri ndico kusunga madzi m'khungu. Pa nchito imeneyi palibe cambiri coposa mafuta wamba onga phula ofewa, amene anthu azolowera kuwachula dzina la Vaseline. Robert Chesebrough wa ku America ndiye anawayenga kucokera ku mafuta a m'nthaka, nalembetsa luso lacelo m'caka ca 1872. Mafutawa sapatsa khungu madzi iai, koma amatseka kuti madzi amene alimo kale asauluke. Cifukwa cace nthawi yabwino yodzola ndiyo pamene munthu wangoturuka m'bafa, thupi lisanaumitse. Glycerine acita nchito yosiyana: iye amakoka madzi. Akoma akasakanizidwa ndi madzi pang'ono, kapena akadzoledwa pansi pa mafuta olemera aja. Wa zikang'a abviike mapazi m'madzi ofunda madzulo, akwece ndi mwala, adzole mafuta ambiri, ndi kugona atabvala masokosi.

Mnyamata kapena mtsikana wa ziphuphu asatsate njira imeneyi pa nkhope yace. Iye afuna mafuta opepuka, amene gawo lao lalikulu ndi madzi, ndi kusamba kumaso kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Kukweca nkhope kasanu ndi sopo wocapira zobvala kumangokwiyitsa khungu. Ku sitolo ya mankhwala kuli zodzola za ziphuphu zokhala ndi salicylic acid kapena benzoyl peroxide, ndipo zimathandiza, koma zifuna kupirira masabata 6 kufikira 8. Cacikulu ndico kusafinya ziphuphu. Pa khungu lakuda, ciphuphu cofinyidwa cimasiya banga limene lingakhale miyezi yambiri, ndipo mawanga otere ndiwo amatuma ambiri kukagula mafuta oyeretsa.

MANJA A ANTHU A NCHITO

Nkhani iyi siiri ya akazi okha. Mwamuna wogwira nchito pansi pa mgodi, m'galaja, kapena pa zomanga, khungu lace likomana tsiku ndi tsiku ndi thukuta, pfumbi, girizi, dizilo ndi simenti. Simenti yonyowa imaocha khungu pang'onopang'ono, makamaka ikalowa m'jombo kapena m'golovesi ndi kukhalamo tsiku lonse. Ambiri akaweruka amatsuka girizi ndi parafini kapena petulo, cifukwa zicotsa msanga. Koma zimacotsanso mafuta a khungu, ndipo pakapita miyezi manja amang'aluka ndi kucita zironda. Wanzeru abvale magolovesi, asambe ndi sopo ndi madzi, ndipo adzole mafuta olemera opanda pfungo asanagone. Iye amene aturuka tiziphuphu m'ndebvu akameta, asamete kolimba kufikira pa khungu peni peni, ndipo lumo lace litsate kumene ndebvu zaloza, pakuti tsitsi lopotana likametedwa kwambiri limabwerera ndi kulasa khungu.

DZUWA

Khungu lakuda liri ndi utoto wace wa cibadwa, wochedwa melanin, umene ucinjiriza thupi ku ukali wa dzuwa. Umenewu ndi cuma m'dziko lino, limene liri pafupi ndi pakati pa dziko lapansi ndiponso pamalo okwera. Komabe dzuwa la Okutobala limadetsa mawanga amene alipo kale, monga aja a ziphuphu ndi aja amene aturuka pa masaya a mai wapakati. Wofuna kuti mawangawo azirare agule mafuta ochinga dzuwa. Pa botolo lao pamalembedwa SPF ndi nambala. A SPF 30 achinga pafupi magawo 97 mwa magawo 100 a ceza cimene cimaocha khungu, malinga munthu adzola okwanira ndi kubwereza pakapita maola awiri ali pa dzuwa.

Kwa abale obadwa ndi khungu loyera, amene achedwa alubino, mafutawa sali a kukongola, ali a moyo. Khungu lao liribe utoto uja, ndipo zironda za dzuwa zingasanduke khansa. Iwo afuna mafuta a SPF 50, cipewa ca mlomo waukulu, ndi malaya a manja atali, kuyambira pa ubwana.

MAFUTA OYERETSA

Tsono pali mafuta amene alonjeza kuyeretsa nkhope m'masiku 7 kapena 14. Kawirikawiri mphamvu yao icokera ku cimodzi ca zinthu zitatu.

Coyamba ndi mercury, citsulo camadzi conyezimira cimene cinali kuikidwa m'kagalasi kopimira kutentha kwa thupi. Cimalowa m'khungu ndi kukafika ku impso ndi ku ubongo. M'caka ca 1972 madotolo a ku Nairobi analemba za odwala impso, otupa mapazi ndi nkhope, amene ambiri a iwo anali akazi odzola mafuta otere. Poizoniyu safikira wodzola yekha: amakhala pa thaulo ndi pa zofunda, ndipo amafika kwa mwana wa m'mimba ndi woyamwa. M'caka ca 2013 maiko anapangana pangano loletsa mercury, lochedwa Minamata, dzina la mudzi wa ku Japan kumene anthu anapezeka m'caka ca 1956 atalemala cifukwa ca kudya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi citsuloci. Zambia ali m'panganolo. M'caka ca 2023 maikowa anaika caka ca 2025 kukhala malire a kupanga ndi kuolotsa zodzola ziri zonse zothiridwa mercury. Koma lamulo silifika m'cikwama ca munthu ali yense woolotsa katundu mobisa, cotero wogula acenjere ndi mau akuti mercury, mercurous kapena calomel.

Caciwiri ndi hydroquinone. M'manja mwa dotolo, kwa miyezi yowerengeka, ndi mankhwala a mawanga. Koma akadzoledwa zaka, masaya amene anayera amayamba kuda koposa kale, kudera kwa buluu, ndi kucita tizinthu tolimba. Madotolo a ku Pretoria anafotokoza nthenda imeneyi m'caka ca 1975, ndipo kufikira lero ibvuta kuciza. South Africa analetsa hydroquinone m'mafuta odzola m'caka ca 1990, ndipo maiko ena a mu Africa, monga Ghana ndi Rwanda, anatsata pambuyo pace.

Cacitatu ndi mankhwala amphamvu a m'timacubu, monga clobetasol ndi betamethasone, amene anapangidwira nthenda za khungu. Ena amawasakaniza m'mafuta ao a tsiku ndi tsiku. Khungu limayera, inde, koma limapyapyala, mitsempha imaonekera, mizere yosacoka imang'ambika m'manja ndi m'ncafu, zipere zimafalikira, ndipo cironda cimacedwa kupola. Odzola thupi lonse nthawi yaitali angadwale shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Iye amene wawadzola miyezi yambiri asaleke yekha mwadzidzidzi, koma apite ku cipatala kuti amuonetse kalekedwe kace. Kumeneko asabise botolo, pakuti dotolo sangacize cimene sacidziwa.

ZA M'MASO

Diso ndi ciwalo cosacedwa kubvulala, ndipo cimene ciyandikira diso cifuna kusamala kuwiri. Kudetsa zikope ndi mwambo wakale. Aigupto anali kucita zaka zikwi zapitazo ndi ufa wakuda umene Aarabu auchula kohl, Amwenye surma, ndipo anthu a ku gombe la kum'mawa wanja. Ufa weni weni wa makedzana unali kuperedwa kucokera ku mwala wonyezimira wochedwa galena, ndiwo mwala wa mtobvu. Anthu a dziko lino audziwa bwino mtobvu. Mgodi wa ku Kabwe, mudzi umene kale unali kuchedwa Broken Hill, unatsekedwa m'caka ca 1994, koma pfumbi lace likali kudwalitsa ana. Mtobvu umafooketsa ubongo wa mwana ndi kucepetsa magazi, ndipo madotolo sanapeze muyeso wace umene uli wosaopsya. Wanja wa ufa wogulidwa m'kabotolo kopanda malemba ungakhale ndi mtobvu wambiri. Mwana akatikita diso ndi kuika cala m'kamwa, wameza. Cifukwa cace khanda lisapakidwe wanja konse, ndipo mai wofuna kudetsa zikope agule pensulo imene zopangira zace zalembedwa.

Utoto wa tsitsi usafike pa nsidze kapena pa zikope. M'caka ca 1933 ku America, utoto wa nsidze wochedwa Lash Lure unapha maso a akazi angapo, ndipo tsoka limenelo linathandiza kubala lamulo la 1938 loyang'anira zodzola m'dzikolo.

Ngakhale zodzola zabwino zifuna ukhondo. Mascara, ndiye utoto wa madzi wopaka ndi kaburashi, atayidwe pakapita miyezi 3 atatsegulidwa, cifukwa tizirombo timaswana m'kabotolo konyowa. Akauma asathiridwe malobvu kapena madzi. Pensulo ndi kaburashi sizibwerekanitsidwa, ngakhale pa ukwati pamene atsikana akonzana m'cipinda cimodzi, pakuti nthenda ya maso ofiira imayenda motero. Pensulo isongoledwe kawirikawiri, ndipo mzere ulembedwe kunja kwa tsitsi la cikope, osati m'kati mwa mlomo wonyowa wa diso. Utoto wosacoka ndi madzi uthandiza pa nyengo ya mvula ndi ya thukuta, koma ufuna mafuta poucotsa, ndipo wa maso osacedwa kuyabwa acita bwino kusankha wocoka ndi madzi. Zonse zicotsedwe munthu asanagone. Diso likafiira kapena kuturutsa manthongo, zodzola zilekedwe, ndipo zimene zinakhudza disolo zitayidwe.

KUWERENGA BOTOLO

Botolo loona lichula dzina la wopanga, dziko lace, ndi zonse zimene ziri m'kati, kuyambira cimene caculuka kufikira cimene cacepa. Ambiri ali ndi kacithunzi ka mtsuko wotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, ndiyo miyezi imene mafuta akhala abwino atatsegulidwa. Mafuta osakanizidwa kuseri ndi kuthiridwa m'kabotolo kopanda dzina asagulidwe, ngakhale wogulitsa ali mnansi. Kukwera kwa mtengo sikutsimikiza ubwino, ndipo pfungo lokoma ndilo limene kawirikawiri limayabwitsa ana ndi anthu a khungu lofooka.

Cinthu catsopano ciyambe cayesedwa pang'ono kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa cigongono, ndipo munthu adikire masiku awiri. Pakafiira kapena kuyabwa, cimeneco si cace. Wosadziwa kuwerenga Cingelezi apemphe mwana wa sukulu, kapena anyamule botolo kunka nalo kwa wogulitsa mankhwala wa ciphaso kapena kwa namwino wa ku kiliniki. Kufunsa kotere kulibe manyazi, pakuti safunsa anadya phula.

Mai wapakati ndi woyamwitsa asadzole mankhwala ali onse a mawanga kapena a ziphuphu asanafunse ku sikelo. Kwa khanda, madzi, sopo wofatsa ndi mafuta wamba opanda pfungo zikwanira. Ndipo banga limene likula, lisintha maonekedwe, kapena cironda cosapola pakapita mwezi, sizifuna botolo lina la ku msika iai, zifuna maso a dotolo.