Kupangana ndi Mmisiri Wosema

Lero tikamba za munthu amene afuna kuti mmisiri amsemere chinthu chakumtima kwake, osati chosemasema chimene achipeza pamsika.

Tiyerekeze kuti pasukulu ina m'boma la Chongwe mphepo yagwetsa mlombwa waukulu, umene ambiri kuno amautcha mukwa. Makolo sakufuna kuti uthere m'makala opita ku Lusaka. Afuna kuti usanduke chiboliboli choima pakhomo pa sukulu. Nanga ayambire pati?

Ayambire kwa anyakwawa ndi ku ofesi ya za nkhalango, pakuti lamulo la chaka cha 2015 limafuna chilolezo podula ndi ponyamula mitengo yotere. Kumbukirani kuti mukula, mbale wake wa mlombwa, unadulidwa mosasamala kufikira Boma linaletsa malonda ake m'chaka cha 2017.

Tsopano mmisiri abwere adzaone mtengowo ndi maso ake. Apa mpamene ambiri amalakwa, chifukwa cha changu. Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri, ndipo pouma, kunja kumayamba kufota m'kati mukali monyowa. Chotsatira chake ndi ming'alu. Amisiri a matabwa amati thabwa lochindikala inchi imodzi lifunika pafupifupi chaka chathunthu pamthunzi kuti liume bwino. Nanga thunthu lonse? Tsono mmisiri akati, "Dikirani mvula ipite kawiri," musamuyese waulesi. Ine ndimakayika kwambiri ndi uja amene alonjeza kutsiriza Loweruka likudzali.

Muonenso mtundu wake. Mnofu woyera wa pansi pa khungwa sukhalitsa, umafumbwa msanga. Mtima wofiira wam'kati ndiwo umene chiswe sichiulimba. Choncho thunthu looneka lalikulu lingathe kupereka chiboliboli chaching'ono, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi asanakhudze nsompho.

Pangano lilembedwe papepala pamaso pa mboni: chithunzi cha chinthucho, msinkhu wake, mtengo wake, ndalama zoyamba kupereka, ndi mwezi wotsiriza. Mutchulenso amene adzalipira chonyamulira, popeza mikangano yambiri imabukira pamenepo. Koma chithunzi chisakhale goli. Mmisiri akapeza mfundo kapena mphako m'kati, ayenera kukhotetsa dzanja kapena khosi la chosemacho motsata mtengo, ndipo kawirikawiri pamenepo mpamene pamakongola.

Amene sanaonepo ntchitoyi apite ku Kabwata Cultural Village mu Lusaka, kumene amisiri akhala akusema ndi kugulitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Mukaime pambali, muone m'mene amagwirira nsompho, ndipo mufunse dzina la mtengo uliwonse. Wina akakuonetsani chakuda bii nati ndi phingo, chinyamuleni. Phingo weniweni ndi wolemera kotero kuti amamira m'madzi. Chopepuka chija anangochipaka polishi wa nsapato.