Kusankha Bokosi la Kalata za Imelo

Kale munthu wa ku migodi analandira kalata zace pa bokosi la kampani, ndipo nchito ikatha, kalata zocokera kumudzi zinali kusokera. Cimodzimodzi lero ndi imelo. Keyala imene kampani ipatsa wanchito iri ya kampani. Tsiku limene iye aleka nchito ku Mufulira kapena ku Nchanga, bokosilo litsekedwa pamodzi ndi zonse za m'katimo. Akuru anati, nyumba ya mwini saochera mbewa.

Cifukwa cace munthu wanzeru atsegula bokosi lacelace. Alipo Gmail wa Google, amene anayamba m'caka ca 2004, ndipo apatsa malo aulere okwana 15 GB. Alipo Outlook wa Microsoft, amene kale dzina lace linali Hotmail. Wofuna cinsinsi coposa angasankhe Proton Mail wa ku Switzerland, koma malo ace aulere ali ocepa.

Onsewa atumikira bwino. Cacikuru ndico kusunga mfungulo. Mau acinsinsi otsegulira bokosi asawadziwe wina, ngakhale mnyamata amene anathandiza kulembetsa. Nambala ya foni yolembedwa pamenepo ikhale ya mwini wace, pakuti akaiwala mauwo, cithandizo cidzadzera pa nambala yomweyo. Wosintha nambala ayambe walembetsa yatsopano asanataye yakale.